Pemphero Limene Ndinaika mu Pulogalamu ya Limbani

Anzanga, ntchito yanga mukuidziwa, ndimatayipa makalata ku ofesi ya mpingo wathu kuno ku Nathenje, ndipo ngati pali chinthu chimene ndimanyadira, kupatula ana anga ndi kwaya, ndi chakuti kalata yotuluka m'manja mwanga imakhala yaukhondo. Anatiphunzitsa kutayipa anali mayi wina waukali wa ku Likuni, ankayenda ndi rula kumbuyo kwathu, ukangoiwala kusiya mpata pambuyo pa koma, kachizindikiro kopumira kaja, rula ija inkatera pa zala. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukamandiseka muziseka mukudziwa kumene matenda anga anachokera.

Limbani ndi mwana wa achimwene anga a ku Mitundu, amaphunzira za makompyuta ku koleji ina mu tauni. Holide yapitayi anabwera kudzakhala kwa ine, chifukwa kumudzi kwawo kulibe magetsi, netiweki nayonso mpaka ukwere pachulu. Ndi mwana wofatsa, wosavuta kumutuma, koma ulendo uno ndinaona kuti china chake chamugwira. Amakhala pakhonde, laputopu pamiyendo, akuyang'anitsitsa mzere umodzi wokha, osalemba kanthu, milomo yokha ikugwedera ngati munthu akupemphera chamumtima. Tsiku lina masana ine ndikusankha nyemba, iye anangodzambatuka n'kukuwa, "Chapita! Chapita chimodzi!" Nkhuku zinabalalika, lichero linatsala pang'ono kundipulumuka.

"Chapita n'chiyani, iwe?"

"Chilembo, azakhali. Ndachotsa chilembo chimodzi."

Munthu wamkulu, wa ku koleji, kuvina chifukwa cha chilembo? Ine ndimakonda kumva zinthu, ndiye ndinasendeza mpando n'kunena kuti andifotokozere bwinobwino, ndipo zimene ndikuuzeni apa ndi monga mmene iye anandiuzira, sindionjezera.

Akuti ophunzira anzake, mothandizidwa ndi kampani ina ya makompyuta ya mu tauni, anakonza mpikisano. Onse anapatsidwa funso limodzi: kompyuta iuzidwa kulemera kwa mabelo a fodya motsatizana, ndipo iyo inene kuti ndi mabelo angati amene akulemera kuposa belo limene lawatsogolera. "Funsolo ndi losavuta, azakhali, aliyense m'kalasi mwathu akhoza kulemba pulogalamu yoliyankha. Nkhani ili pa kufupikitsa. Wopambana ndi amene pulogalamu yake ili ndi zilembo zochepa kuposa onse, bola igwire ntchito."

Ndinafunsa ngati kompyuta imatopa ndi zinthu zazitali, kapena ngati malo olembamo ndi odula. Iye anaseka. "Ayi. Ku ntchito yeniyeni mukalemba chonchi amakuthamangitsani, chifukwa mnzanu sangamve zimene mwalemba. Awa ndi masewera chabe, ngati bawo. Koma kuti munthu ufupikitse, uyenera kuchidziwa chinenero cha kompyutacho mpaka m'ngodya zake zonse, ndiye a kampani akufuna aone amene amachidziwa chotero." Apa mpamene panali nkhani yaikulu: wopambana akapatsidwa malo okaphunzira ntchito ku kampaniyo, ndipo ambiri opita kumeneko sabwerako, amalembedwa ntchito. Achimwene anga fodya sanawayendere bwino chaka chino, ndiye malo amenewo kwa Limbani sanali masewera ayi.

Anandionetsa mmene anayambira. Pulogalamu yoyamba inali ya mizere ingapo, zilembo zoposa zana. Kenaka anayamba kuidula, mawu aatali n'kuwasandutsa chilembo chimodzi, mizere n'kuiphatikiza, njira yodutsa kumsewu n'kuisiya n'kudzera m'dimba, mpaka inatsala mzere umodzi wa zilembo 58. Ine zinandikoka mtima, sindinama. Ndinkamufunsa mafunso mpaka tiyi kuzizira. Amene ankamuopa kwambiri anali Tadala, mnzake wa m'kalasi, mwana wa a Nankhoma amene timaimba nawo kwaya, chifukwa mphekesera zinkati iye ali chapafupi pomwepo.

Ndinafunsanso mafunso awiri, ndipo mumvetsere bwino mayankho ake, chifukwa ndi amene anandigwetsa m'dzenje. Loyamba ndinati, "Kodi kompyutayo imatha kumva zinthu zothinana chonchi, popanda ndi mpata womwe?" Iye anati, "Mipata ya pakati apa kwa iyo ilibe ntchito, muikepo musaikepo, yankho ndi limodzimodzi." Lachiwiri, ndinaona kuti mu pulogalamu yake yakale ija munali mizere ina ya Chichewa chenicheni, yoyamba ndi kachizindikiro kaja kooneka ngati kampanda, kamene timadina pomaliza kulowetsa mayunitsi mu foni. Iye anati, "Chilichonse cholembedwa pambuyo pa kameneka kompyuta imangodumpha, siiona n'komwe. Ndi mawu olembera anthu." Mawu ake anali amenewo ndendende. Panali funso lachitatu limene ndinayenera kufunsa, koma madzi anawira kukhitchini, ndinanyamuka.

Lachisanu madzulo kunabwera foni yochokera ku Mitundu, kwagwa maliro a agogo ena a m'mudzi mwawo. Inu mukudziwa, mnyamata wa pamudzi sangasowe kokumba manda, angakhale aphunzire bwanji, anthu akhoza kunena makolo ake mpaka chaka chamawa. Vuto linali lakuti tsamba lotumizira mayankho limatsegulidwa Loweruka m'mawa n'kutsekedwa dzuwa lili paliwombo, ndipo aliyense amatumiza kamodzi kokha. Kumandako netiweki ikachokera kuti? Ndipo ngakhale ikanakhalapo, munthu ungatulutse laputopu anzako akusinthana khasu?

Ndiye anandikhazika pansi. "Azakhali, inu kompyuta mumaidziwa. Mzere wanga uli kale m'bokosi ili. Mawa tsambalo likatsegulidwa, mungodina batani ili lobiriwira. Basi." Ndinamuuza kuti apite ndi mtendere, kudina batani ndi chiyani kwa munthu amene watayipa malipoti a msonkhano wa pachaka? Anakwera kabaza wa njinga yamoto, n'kupita.

Loweruka ndinadzuka, ndinasesa, ndinasamba, ndinavala bwino ngati ndikupita ku ofesi, n'kukhala patsogolo pa laputopu ija. Chala chinali kale pamwamba pa batani. Ndikanangodina pamenepo, lero bwenzi ndilibe nkhani yokuuzani. Koma maso anga anagwera pa mzere uja.

Abale anga, munauonapo mzere wa linthumbu? Zilembo zokwerana pamsana, makoma opanda mpata, zizindikiro zothithikana ngati anthu mu minibasi ya tsiku la msika. Zala zanga zinayamba kuyabwa, ndinamva ngati rula ija ikubwera kumbuyo. Mumtima ndinati, mwana wa achimwene anga akaonekere pamaso pa akuluakulu a kampani ndi ntchito yauve chonchi, ine ndilipo? Mwini wake ananena yekha kuti mipata ilibe ntchito, muikepo musaikepo. Ndipo mpata ndi chilembo ngati? Mpata ndi pamalo popanda kanthu. Ndiye ndinaika mpata pambuyo pa koma woyamba. Mzere unapuma. Ndinaikanso wina, ndi winanso, uku ndi uku kwa zizindikiro zophatikizira, mpaka chinthu chija chinayamba kuoneka ngati cholembedwa ndi mwana woleredwa.

Nditakhala pang'ono ndinaonanso vuto lina, lalikulu kuposa loyamba. Uthengawo unalibe moni. Inu, munthu ungafike pakhomo pa eni ake, anthu oti ukufuna akupatse ntchito, osanena odi, n'kungowaponyera mabelo a fodya kumaso? Ana a masiku ano zimenezi saziganiza. Ndinakumbuka kampanda kaja. Mawu olembera anthu, kompyuta siiona n'komwe. Chimene kompyuta siiona ingachiwerengere bwanji? Ndinaona kuti nzeru zandifikira pa nthawi yake. Pamwamba pa mzere uja ndinalemba kuti:

# Odi kuno, akuluakulu oweruza. Muli bwanji nonse kumeneko? Ife kuno ku Nathenje tadzuka bwino.

Moni utalowa, zinaoneka zosalongosoka kuti asadziwe amene akuwapatsa moniyo. Ndinaonjezera mzere wina wofotokoza kuti ine ndine azakhali ake a Limbani, kuti mwini wake wapita kumaliro ku Mitundu, asamuone ngati wamwano potuma munthu wina. Ndinanenanso kuti ndi mwana womvera, samwa mowa, anali wothandiza ku Sande sukulu, ndipo bambo ake fodya sanawayendere bwino. Mzere uliwonse ndinkayamba ndi kampanda kaja mosamala, sindinaphonye ndi umodzi womwe. Mukuona kuti sindinali wosasamala? Ndinali wosamala kwambiri, ndiye vuto lake.

Tsono chinthu chachikulu chotere chingapite popanda pemphero? Ndinayamba kupempherera Limbani yekha, koma ndili mkati mtima unanditsutsa, kodi ana enawo alibe makolo? Tadala ndinamuona akubatizidwa. Ndiye ndinafufuta n'kuyambiranso, ndinapempherera onse opikisana, oweruza, a kampani ndi mabanja awo, ofedwa a ku Mitundu, n'kumaliza ndi mawu awa:

# Malo amenewa muwapereke kwa mwana amene Inu mwamukonzera, ndipo enafe mutipatse mtima wosadandaula. Amen.

Ndinawerenganso zonse kuyambira pamwamba, ndinakonza koma mmodzi, n'kudina batani. Kompyuta inazungulira pang'ono, kenaka panatuluka kachizindikiro kobiriwira kosonyeza kuti pulogalamu yagwira ntchito. Ndinawomba m'manja ndekha m'nyumba! Pansi pake panabwera mndandanda wa maina, lililonse ndi nambala yake. Tadala 59. Wina 61. Wina 64. Ndinatsika nawo mndandandawo mpaka pansi penipeni, n'kupeza dzina la Limbani. Nambala yake 931.

Mayo ine! Ndinaimirira. Anzake onse sanafike ndi pa zana pomwe, mwana wathu 931! Ine ndinaziona ngati malikisi, nanga nambala yolembedwa pambali pa dzina la mwana wa sukulu ingakhalenso chiyani? Zoti dzina lake lili pansi sizinandivute, ndinati ndi chifukwa ndatumiza mochedwa. Nthungululu inatuluka yokha, mpaka a neba anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Zikanathera m'nyumba momwemo bwenzi zili bwino. Koma Loweruka masana timakhala ndi pulakatisi ya kwaya. Tisanayambe kuimba ndinapempha kamphindi, ndinaimirira pamaso pa amayi ndi abambo onse n'kuchitira umboni, nambala n'kuitchula kawiri. Anthu anawomba m'manja. Kenaka ndinaona a Nankhoma ali phee pakona, ndipo chifundo chinandigwira, ndinapita kukakhala pambali pawo n'kuwagwira dzanja.

"A Nankhoma, musataye mtima. 59 nayonso ndi poyambira. Tadala akadali mwana, Limbani azimuthandiza."

Mayi aja misozi inalengeza. "A Naphiri, mwana ameneyu ntchito zapakhomo anasiya, tsiku lonse ali pa kompyuta, kuteroko akungopeza 59? Lero andiuza bwino." Ndinamva pambuyo pake kuti atafika kunyumba anamupeza Tadala akuvina pabwalo, n'kumukalipira kuti alibe manyazi, ndipo panatenga nthawi kuti mayi ndi mwana amvane.

Ine zonsezo sindikudziwa. Lamulungu nditaweruka ku tchalitchi ndinapha tambala, ndinagula ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Chakumadzulo kabaza anaima pakhomo, Limbani n'kutsika, fumbi mpaka m'nsidze, manja otupa ndi khasu. Ndinathamanga kuti ndimukumbatire, koma nkhope yake inandiimitsa. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, anakhala pansi, anafotokoza mmene mwambo wa maliro unayendera, amene analalika, amene anapereka moni kwa ine. Atamaliza anayang'ana mbale ya nkhuku ija.

"Azakhali, ndifunse nawo."

"Funsa, mwanawe."

"Batani lija linavuta?"

"Ayi, silinavute."

"Nanga oweruza amene munawapatsa moni aja ndi ndani?"

Ndinamuuza kuti ndi akuluakulu a kampani. Iye anapukusa mutu pang'onopang'ono. Akuti kulibe munthu aliyense amene amakhala pampando kuweruza. Pali kompyuta imene imayesa ngati yankho lili lolondola, imeneyo ndiye imadumpha mipata ndi mawu a kampanda. Ikatero, zonse zimene zili m'bokosi zimawerengedwa chimodzichimodzi, chilembo, koma, mpata, ngakhale kutsikira pa mzere wina. Nambala ija sinali malikisi. Unali utali wa zimene ndinatumiza.

"Koma iwe unati mpata ulibe ntchito."

"Ulibe ntchito pa yankho, azakhali. Pa kuwerengera umalowa. Mukuganiza kuti ndinkaichotseranji?"

Funso lachitatu lija ndi limeneli. Ndinayesabe kudzigwira, ndinati nanga nambala yaikulu sindiyo yabwino? Iye anandiyang'ana ndi maso achisoni. "Azakhali, mwana akapeza mapointi 6 pa mayeso a folomu 4, wina n'kupeza 40, mumaphera nkhuku uti?"

Zimenezi ine ndimazidziwa kuyambira kalekale, ndipo mwana anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti wopambana ndi wa zilembo zochepa, ine ndemwe ndinamva ndi makutu angawa. Tadala anapambana ndi 59. Mzere wa Limbani, ndisanaugwire, unali 58. Chilembo chimodzi chija chimene anabalalitsira nkhuku zanga.

Ndipo sizinathere pomwepo. Akuti mwambo wa mipikisano imeneyi ndi wakuti ukatsekedwa, mayankho onse amaonetsedwa poyera kuti aliyense aphunzire nzeru za mnzake. Limbani atangofika pa msika wa Mitundu, foni yake inagwira netiweki n'kuyamba kulira ngati yagwidwa ndi malungo. Anandipatsa kuti ndione ndekha gulu lawo la pa foni. Kalata yanga yonse anaijambula. Wina analemba, "Odi kuno akuluakulu oweruza," anthu makumi angapo n'kuyankha, "Tadzuka bwino kaya ku Nathenje." Wina anati, "Abusa Limbani, zoti simumwa mowa tazimva lero." Winanso anati, "Koma anyamata, mwaona kuti yagwira ntchito? Azakhali sanaphonye kampanda ndi kamodzi komwe." Ameneyo Mulungu amudalitse, sindimudziwa.

Ndinalira, anzanga, osati pang'ono. Mwana uja m'malo moti akalipe, ndiye anayamba kunditonthoza ine, zimene zinandipweteka kuposa akanakalipa. Ndinati mawa ndikwera minibasi ndikafotokoze ku kampaniko. Anati malamulo ndi malamulo, munthu amatumiza kamodzi. Ndinati basi ndiwalembere kalata yopepesa, yaulemu, ndiitayipa ndekha. Anaika pansi mwendo wa nkhuku umene anali atanyamula, n'kundigwira dzanja.

"Azakhali, chonde. Musalembenso kanthu."

Malo aja anapitadi kwa Tadala. Achimwene anga nditawaimbira foni kuwauza, anati, "Zonsezo ndamva, mlongo wanga. Koma za fodya wangazo unaziikiramonji?"

Loweruka lotsatira ndinkafuna kudwala kuti ndisapite ku kwaya, koma thupi linakana, linali bwinobwino. Ndinalowa mozemba n'kukhala kumbuyo. Tisanayambe, a Nankhoma anapempha kamphindi. Anaimirira pamalo pomwe ndinaimirira ine, Tadala ali pambali pawo atanyamula dengu la mbatata, n'kuyamba umboni.

"Abale, ine mapemphero ndamvapo ambiri, koma loyankhidwa tsiku lomwelo ndaliona kwa a Naphiri. Anapempha kuti malo apite kwa mwana amene anamukonzera. Sanangopempha ayi, anathandizanso ndi manja awo."

Tchalitchi chonse chinagwa ndi phwete, wotsogolera kwaya mpaka anakhala pansi. Tadala anabwera n'kugwada, akudziluma milomo kuti asaseke, n'kundipatsa dengu lija. Anandinong'oneza kuti anachotsa zanga zonse mu pulogalamu ija kuti aone mzere weniweni wa Limbani, ndipo nzeru imene Limbaniyo anagwiritsa ntchito, iye Tadala sanaiganizeko, akaitchula kwa mabwana ake. Kaya zidzathandiza kaya ayi, sindikudziwa, ine ndangobwereza zimene ananena. Mbatata ndinalandira. Ndikanatani?

Pano Limbani anabwerera ku koleji, ndipo akuti akonzanso mpikisano wina teremu ikubwerayi. Dzulo wandiimbira foni akuseka, akuti anzake onse amene alembetsa akumufunsa funso limodzi, mwaulemu kwambiri: "Kodi azakhali ali bwanji? Adzakutumiziranso?"

Muwauze kuti ndili bwino, koma asayembekezere. Laputopu ya mwini ndikaiona ndizidutsa manja ali kumbuyo. Mwanayo kumupempherera sindisiya, koma ndizitero nditagwada kuchipinda kwanga, kumene palibe wowerenga zilembo.